Nthochi za M'chipinda Chachinayi

Kunja kwa Wisbech dziko ndi lathyathyathya ngati lichero,
mphepo ilibe phiri loti ipunthwepo.
M'nyumba yaitali yopanda zenera
ndimavala zoyera kuyambira kutsitsi mpaka kuphazi
n'kulowa m'mudzi wa akazi okhaokha.
Chamba ichi chili ndi chiphaso, amatero Mayi Thurlow,
n'cha mankhwala a ana akhunyu.
Kwathu apolisi akanachithira petulo pabwalo,
kuno chimamwetsedwa madzi poyang'ana wotchi.

Theka la tsiku dzuwa la magetsi,
theka linalo mdima wandiweyani.
Mwamuna saloledwa, ngakhale fumbi lake.
Duwa lidikire, lichite thukuta la utomoni,
lidikirebe.
Kudikira kwakeko ndiye malipiro athu.

Lachitatu, galasi lokuzira lili m'manja,
ndinakapeza pamzere wa kukhoma:
kanthochi kachikasu, kochepera kanjere ka mpunga,
katasuzumira pakati pa tsitsi loyera la duwa.
Kena m'munsi mwake. Kenanso.
Mkazi wamera umuna.

Mayi Thurlow anabwera ndi kabuku kawo
ndi mafunso a pamaliro posaka mfiti.
Kodi munatentha muno?
Inde, chopemerera mphepo chinaima Lamulungu.
Kodi feteleza anapsereza mizu?
Kodi lumo la Rasa linadulira mopyola?
Mwina n'zakumtundu, anatero, amake anali otero,
magazi sanama.
Kenaka tinazimitsa zonse n'kuima chilili,
kupuma kwathu kokha kukumveka,
mpaka maso atazolowera:
pansi pa chitseko, pomwe labala anaperepeseka,
kamzere ka kuwala, koonda ngati ulusi.
Masabata atatu mtengo uja usakugona.

Chomera chikaona kuti dziko lapenga
chimaleka kudikira, anatero,
chimadzipatsa chokha pathupi
kuti mtundu usathere pa icho.

Ndinaseka m'kansalu kakukamwa, sanandione.
Kwathu papaya wamwamuna timam'mangirira chitsononkho
kuti achite manyazi, abereke.
Za mkazi wosanduka zonse ziwiri
palibe amene anatisiyira mankhwala.

Changanso chitseko chimadontha kuwala.
Sabata ino ntchito masana, yamawa usiku.
Nyali ya mumsewu imaboola katani,
foni imayaka tambala wa kwathu akalira:
fizi, malata, mapiritsi a shuga a mayi.
Bambo a Zaithwa anawakaniza viza kachitatu,
mau awo n'kuyamba kufupika
ngati masana a Disembala wa kuno.
Chaka chachinayi chino.
Tcheni cha njinga chikaduka ndimalumikiza ndine.
Tindevu toyamba ta mnyamata
ndinam'phunzitsa kumeta ndine,
dzanja langa pachibwano pake, tonse tikuopa lezala.
Pafomu ya kusukulu,
pamzere wa mayi ndi pamzere wa bambo,
dzina limodzi, nambala imodzi.

Koma lamulo ndi lamulo,
mungu wa duwa limodzi umawononga chipinda chonse.
Ndinauveka thumba lakuda kuchokera kumutu,
pang'onopang'ono, monga tivekera mkwatibwi,
kuti fumbi lake lisauluke,
n'kudula patsinde. Thyo!
Rasa anamata tepi pansi pa chitseko.
M'kabuku analemba nambala yake
ndi liwu limodzi: wosakhazikika.
Za labala uja sanalembemo.

Pabasi yobwerera, minda yakuda ikudutsa pazenera,
fungo lake linali likadali m'zala
ngakhale ndinavala magolovesi awiri.
Kunyumba Zaithwa anasiya mbale zosatsuka
ndi kapepala koti nsapato zamuthina.
Ndinang'amba katoni ya chimanga cha m'mawa,
n'kuimata pazenera mpaka m'ngodya,
n'kuigoneka foni chafufumimba m'dilowa.

Mdima unabwera wonse, wopanda bowo.
Ndinagona chagada, maso ali tong'o,
thupi litaiwala chochita nawo.